M'manda Anga Muli Nthochi

Ndisanafe kamodzi kaja, ndinali nditafa kambirimbiri pakamwa. Ndinkafa masana, anthu atakhala pamabenchi, ndipo ndikamaliza kufa ankawomba m'manja, ine n'kuwerama, n'kupita kukamwa tiyi. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga m'tauni ija ya fumbi lofiira, imene dzina lake linandichoka m'mutu kalekale. Ndinali mlakatuli.

Ndakatulo zanga sizinkanena za mapiri kapena za dziko. Zinkanena za ine. Ndinkadzivula pagulu: za bambo anga amene ankabwera kunyumba atachita kunyamulidwa ndi anzawo a kumowa, za mkazi amene anandisiya atatenga ndi mbale zomwe, za mantha amene ankandigwira popanda chifukwa. Koma makamaka zinkanena za imfa. Imfa inatenga mlongo wanga wamkulu, Esinati, amene anandilera mayi athu atatisiya. Popeza wotenga mlongo wako amakhala mlamu wako, ine ndinayamba kuitchula imfayo kuti alamu. Ndinkacheza nayo mmene munthu amachezera ndi mlamu wake: kuinyogodola, kuipempha fodya, kuifunsa kuti idzabwera liti kudzanditenga kuti ndikaone kumene mlongo wanga anakwatiwa. Anthu ankayamba ndi kuseka, kenako n'kulira, ndipo kulira kwawoko kunkandikoma kuposa chakudya.

Sindinali ndekha. Panali mnzanga Yotamu, munthu wamtali, wachibwibwi polankhula koma wosalala lilime akayamba kulakatula. Nayenso nkhani yake inali yomweyo. Tinkapikisana, ngakhale sitinkavomereza, kuti wofa mokoma ndani. Ndiye chaka china, m'nyengo yachisanu, Yotamu anachita zimene ankanena. Sindifotokoza mmene anachitira. Zimenezo ndi za mayi ake, amene anamupeza.

Maliro atatha, anthu omwe aja ankamunena kuti amakokomeza anayamba kuloweza mawu ake. A Dzimbiri, mkulu amene ankatisonkhanitsa m'holo, anaima kutsogolo atagwira pamtima.

"Uyu ndiye sankanama," anatero. "Liwu lililonse analisainira ndi moyo wake."

Atatero maso awo anagwera pa ine, mwina mwangozi. Potuluka, mayi wina amene sankaphonya ndikamalakatula anandigwira dzanja mwachikondi.

"Nanga inu, bambo, zanu zija n'zoona, kapena mumangotisangalatsa?"

Sankafuna kundipweteka. Ankangofunsa, mmene munthu amafunsira ngati nsalu imasuluka. Koma funso lakelo linalowa n'kukhala. Kuyambira pamenepo ndikaimirira kutsogolo ndinkaona ngati holo yonse ikundidikira, ndipo moyo wanga womwe unayamba kuoneka ngati bodza limene ndikulipitiriza tsiku ndi tsiku.

Ndinanyamuka. Ndinene mosabisa: ndinkapita kukafuna malo oti ndikafereko. Chimene chinkandichedwetsa chinali chimodzi chokha. Ndakatulo yanga yotsanzika inali isanathe, inkasowa mathero, ndipo ine ndinali munthu wonyada kwambiri moti sindikanalola kusiya ndakatulo yopunduka.

Msewu unanditengera ku tauni ina, kapena inali yomwe ija itangotembenuka, sindidziwa. Matauni onse a zaka zimenezo anali ndi depoti imodzi, mtengo wa mthunzi umodzi ndi galu mmodzi wogona pakati pa njira. Kumeneko, m'mbali mwa msewu wopita kuchipatala, munali mzere wa okhoma mabokosi a maliro. Ndinaima pa shedi ina chifukwa cha fungo la utuchi, ndipo mwini wake, a Gwaza, bambo wonenepa wa pensulo kukhutu, anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mwaferedwa, achimwene?"

"Ayi."

"Ndiye mukufuna ntchito. Pano anthu amaimira ziwiri zimenezo. Mumatha chiyani?"

"Ndine mlakatuli."

"Pepani," anatero a Gwaza, ngati ndawauza matenda. "Gwirani thabwa ili."

Ndinaligwira, ndipo ndinakhala. Ndinaphunzira kupala matabwa, kukhoma msomali osang'amba thabwa, kupaka vanishi motsata mmene mtengo unakulira. A Gwaza ankaimba nyimbo za ukwati akukhoma mabokosi, ndipo masana ankagona tulo m'bokosi lalikulu limene linakanika kugulidwa, ati mumazizira bwino. Ine ndinkaona ngati ndafika pakhomo penipeni pa alamu. Ndinkapeka mokweza uku ndikupala, mawu akuyenda limodzi ndi mkono.

"Zikukoma," ankatero a Gwaza, "koma zikundithera njala."

Tsiku lina kunabwera bambo wina akukankha njinga. M'dzanja anali ndi luzi lalifupi, losapitirira mkono wanga, muyeso wa mwana wake. Anandipeza ndili pakati pa ndime yoitana alamu kuti asachedwe. Bamboyo anaima phee, kudikira kuti ndimalize, chifukwa anali munthu waulemu.

"Achimwene, mawu anuwo ndi okoma," anatero. "Koma amene mukuwaitanawo achoka kwathu m'mawa womwe uno. Ndikanadziwa kuti kuno kuli wowafuna, ndikanawalozera njira."

Analankhula mopanda mkwiyo. Ndinamuthandiza kumanga kabokosiko pakaliyala, ndipo ananyamuka akukankhabe, osakwera. Kuchokera tsiku limenelo pakamwa panga sipanatsegukenso m'shedi muja. Munthu wanzeru akanatolapo kanthu pa mawu a bambo uja. Ine ndinangomvapo kuti ndachedwa, kuti alamu akutenga ana a eni chifukwa ine ndikuzengereza. Ndinatsanzika kwa a Gwaza mvula isanagwe.

Ndinayenda mpaka msewu unathera pa mtsinje waukulu wopanda mlatho. Pamenepo panali bwato, ndi mwini wake a Likongwe, munthu wamfupi wa mapewa otakata amene sankayang'ana munthu kumaso, ankangoyang'ana madzi.

"Mukuoloka?"

"Sindikudziwa."

"Osadziwa amapalasa. Mumatha chiyani?"

"Ndine mlakatuli."

"Zimenezo sizilemera, bwato silingamire nazo. Gwirani nkhafi."

Ndinaphunzira kuwerenga nkhope ya madzi, kudziwa pamene pali mchenga ndi pamene pali phompho, kukhazika anthu kuti bwato lisapendeke. Pakati pa mtsinjewo panali malo ena akuda bii, pamene madzi ankazungulira mwakachetechete. Ulendo uliwonse tikamadutsapo ndinkawayang'ana, n'kumati mumtima, mawa. Mathero a ndakatulo ndinalibe, koma ndinayamba kuganiza kuti mwina mtsinje ungamalize wokha.

Chovuta chinali chakuti pa bwato munthu sakhala chimanjamanja. Tikamayandikira malo aja, a Likongwe ankandilanda nkhafi chifukwa pamenepo sankakhulupirira mkono wa wina, ndipo anthu akangoona kuti manja anga alibe kanthu, basi. "Tandigwirirani tambalayu." "Achimwene, dengu ili muli mazira." "Gwireni mwanayu ndikonze nsalu." Tsiku limene ndinatsimikiza mtima ndithu, mayi wina anandiika khanda pamiyendo osandifunsa n'komwe. Khandalo linandiyang'ana, linandigwira mphuno, kenako linandikodzera, n'kuseka ndi nkhama zokhazokha. Palibe chimene ungachite uli ndi khanda la eni m'manja. Tinadutsa malo aja ine ndili otanganidwa kukunkhumula buluku, bwato lonse likufa ndi phwete.

Ndakatulo yanga inayamba kuonongeka. Munkalowa nkhuku, munkalowa mazira. Ndinkazichotsa mokwiya, mawa lake n'kupezamo mbuzi. Ndinanenepanso ndi nsomba za a Likongwe, chinthu chochititsa manyazi kwa munthu wa ntchito yanga. Chilimwe chitafika madzi anaphwera, anthu anayamba kuoloka wapansi, ndipo malo akuda aja anasanduka kadziwe kochapirapo zovala. Bwato analikokera kumtunda, ine ndinapitirira.

Patapita nyengo zingapo ndinapezeka m'tauni ya fodya, m'miyezi imene alimi amagulitsa ndipo mowa umayamba kumwedwa dzuwa lili pamutu. Ndinkasankha fodya m'shedi ina, kupatula masamba owala ndi akuda. Masana ena ndinalowa m'bala kukabisala dzuwa, ndipo ndinapeza mphunzitsi wina wa tayi yofiira ataimirira pa kireti, akulakatula. Ndinamvetsera pang'ono, kenako ndinaizindikira. Inali ndakatulo yanga yakale ya alamu. Inali itayenda yokha, pakamwa ndi pakamwa, n'kundipitirira panjira. Mawu ena anali atasintha, ndipo chimene chinandiwawa n'chakuti m'malo ena anali atasintha bwino.

Atamaliza, mphunzitsiyo anavula chipewa.

"Mwini wake anapita," anatero. "Anachita monga ananenera. Amuna enieni, amenewo."

Anathira mowa pansi, ena onse n'kuthiranso. Bambo wina pakona ankalira ndithu. Ine mtima unasefukira ndi chimwemwe chimene sindinachimvepo ndili moyo, ndipo chimwemwecho n'chimene chinandipusitsa. Ndinaimirira.

"Ndine. Ndakatulo imeneyo ndinapeka ndine."

Onse anatembenukira kwa ine. Kenako wina analoza pamimba panga.

"Inu? Ndi chimimba chimenecho?"

Anaseka mpaka ena kugwa pamipando. Koma mphunzitsi uja sanaseke. Anatsika pa kireti, nkhope itagwa ngati ndamulanda kanthu.

"Bambo, ngati mukunama, Mulungu akukhululukireni. Koma ngati ndinudi, ndiye mwationongera. Ife timaikonda chifukwa ndi yoona."

Ndinatuluka. Panjira yochoka m'tauni imeneyo mathero aja anabwera okha, athunthu, osasowa liwu. Ankanena za munthu woikidwa m'manda ndi alendo, popanda womulira, mvula yokha ikugwa pa dothi. Ndinawabwereza mpaka anakhazikika. Tsopano panalibenso chondichedwetsa, ndipo ndinachita mantha kuposa kale lonse.

Mvula yoyamba inandipeza ndikukwera mapiri. Pa mudzi wina ndinaona masamba ataikidwa chopingasa msewu, chizindikiro cha maliro, ndipo wapaulendo sadutsa pamaliro ngati sakuona. Ndinapatuka n'kukhala pansi pamodzi ndi amuna. Sipanapite nthawi, kunabwera munthu wowonda wa mpata kumano, matope mpaka m'mawondo, akudandaula kuti kumanda kuli miyala ndipo manja achepa. Anali a Msampha, mkulu wa adzukulu, anthu amene amakumba manda ndi kuika maliro. Maso awo anaima pa ine.

"Kwanu n'kuti, alendo?"

"Kulibe."

"Abale m'mudzi muno?"

"Ndilibe."

"Ndiye Mulungu watiponyera. Wachibale sakumba manda a m'bale wake. Inu mulibe m'bale, mudzakumbira mudzi wonse. Tiyeni."

Sanandifunse kuti ndimatha chiyani. Anangondipatsa khasu.

Sindinaonepo anthu oseka ngati adzukulu. Ankaseka m'dzenje, ankanyogodola womwalirayo kuti ankakana kubwereketsa nkhwangwa, ankagwira nkhuku ya aliyense yodutsa pafupi ndipo mwini wake sankati kanthu. Poyamba ndinkaona ngati ndi mwano. Kenako ndinaona kuti oferedwa akamva phwete lochokera kumanda, mapewa awo ankatsika pang'ono. Ndinaphunzira kuyesa mtembo ndi bango, kudula makoma a dzenje kuti aime chilili, kutsitsa bokosi mosagwedeza. Pakati pa maliro ndi maliro tinkalima ngati wina aliyense.

Ndinkagona m'kanyumba ka kuseri kwa a Msampha, koma chakudya chinkachokera kwa mlongo wawo, Nankhoma, mayi wamasiye wa msinkhu wanga. Anali wamphamvu ngati amuna awiri, ndipo mawu ake ndiwo ankatsogolera nyimbo pa maliro alionse, ankamveka mpaka kuseri kwa phiri. Sankadziwa kulankhula motsitsa. Ankanditcha alendo ngakhale nditatha miyezi, ndipo akandiona ndasiya chakudya m'mbale ankaima pomwepo, manja m'chiuno, mpaka nditamaliza.

Masana ena mvula inatitsekera pakhonde pa Nankhoma tikusenda mtedza. A Msampha anali atamva kuti ndimayankhula ndekha m'munda, ndiye anandikakamiza kuti nawonso amveko. Ndinawalakatulira yotsanzika ija, yonse, koyamba pamaso pa anthu. Nditamaliza ndinadikira. A Msampha anakanda kumutu. Nankhoma anakutumula makoko pansalu yake n'kuimirira.

"Alendo, mlamu wanuyo mukafuna kumuitana muzikamuitanira kumsewu. Pakhonde panga ayi. Kuno anabwera kale, anatenga bambo a ana anga, sindinamuone kukoma kumene mukunenako."

Analowa m'nyumba. Madzulo ake ndiwo zinabwera zambiri kuposa masiku onse, ndipo sindinamvetse chifukwa chake.

Ndinkati zanga zija ndidzachita ndikamaliza kupalira. Titamaliza kupalira ndinati chimanga chikayamba kudyedwa. Ndili mkati mozengereza choncho, malungo anandigwira, ndipo ndinati mumtima, alamu atopa kudikira, abwera okha. Ndinabisa. Ndinkapita kumunda ndikunjenjemera, n'kumati ndi chisanu. Nankhoma anazindikira msanga.

"Achimwene, mangani ngolo," anauza a Msampha. "Munthuyu maso asanduka achikasu."

"Ndi chimfine chabe," ndinatero ine. "Musavutitse ng'ombe."

Ndinakana tsiku limenelo, ndinakananso lotsatira. Pamene ndinalephera kukana chifukwa lilime linali litalemera, mtsinje wa kumunsi unali utadzaza n'kukokolola mlatho. Ngolo inabwerera panjira, ine ndili m'mwemo.

Zimene zinachitika kunja ndinachita kuuzidwa. Ati ndinazizira thupi lonse, mpweya osamveka, diso osaphethira. Ati anandiika kagalasi pamphuno koma sikanachite nthunzi. Ati a Msampha anadula bango n'kundiyesa, ndipo kwa nthawi yoyamba adzukulu anakumba manda popanda woseka.

Ine ndinali kwina. Ndinkayenda m'njira ya pakati pa chimanga chachitali, kunja kukuwala koma dzuwa osaoneka. Njirayo inathera pabwalo losesedwa bwino. Pamenepo panali Esinati, mlongo wanga, atakhala pamphasa akupeta mpunga, atavala duku lake lobiriwira. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwini khomo, amene ndinamuimba zaka zonsezo. Panalibe munthu. Panalibe mpando wake, panalibe nsapato zake pakhomo, ngakhale fungo la fodya. Panalibenso mabenchi, kapena wina woti awombe m'manja.

"Alamu ali kuti?" ndinafunsa.

Esinati sanadzutse mutu.

"Alamu ako ati? Ine sindinakwatiwe kuno. Ndinangofa."

Anapeta, anapeta, kenako anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo ndikabwera ndi malaya ong'ambika.

"Iwe, zaka zonsezi, unkandilira ine kapena unkadzilira wekha? Sunanenepo n'kamodzi komwe kuti ndinkadziwa kuimba. Sunanene kuti ndinkakuwotchera mbatata. Ungoti imfa, imfa. Wakuitana ndani kuno? Taona phazi lako likupsa."

Ndinayang'ana pansi, ndipo phazi linkapsadi.

Madzi osambitsira maliro amangofunditsa pang'ono. Koma amene anawateleka tsiku limenelo anali Nankhoma, ndipo Nankhoma, amene anali atatelekapo madzi a maliro osawerengeka osalakwitsa, ankalira moti sanaone kuti awira. Amuna anawanyamula osawayesa. A Msampha anatunga ndi chikho n'kuyambira kumapazi. Ndinakuwa. Ati amuna anatulukira pakhomo onse nthawi imodzi mpaka chitseko chinazuka, kupatula a Msampha, amene anangokhala pansi chikho chili m'manja.

"Alendo," anatero, "mwatikumbitsa pamiyala."

Madzi a mumtsinje atatsika ananditengera kuchipatala, koma zimenezo zinali za mawa lake. Tsiku lomwelo panali nkhani ina yofunika kuithetsa dzuwa lisanalowe. Manda anali atakumbidwa, ndipo kumeneko manda sagona apululu. Ati dzenje lotsegulidwa likasiyidwa lopanda kanthu limadzifunira lokha munthu m'mudzi. Likakumbidwa molakwika, amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga mumphasa, n'kuliika m'malo mwa munthuyo, ndi mwambo wonse.

Anandimwetsa phala, anandimanga phazi ndi nsanza, ndipo a Msampha analamula kuti mwini manda apite nawo. Anandikweza pa njinga, wina akukankha, wina atandigwira kumsana. Kutsogolo kwanga anthu ananyamula nthochi ija pamapewa, itadulidwa molingana ndi bango langa. Mudzi wonse unali pambuyo. Nyimbo inkayenda mofooka, ndipo ndinadabwa kuti mawu aja omveka kuseri kwa phiri ali kuti.

Manda anga anali okongola. Makoma anali owongoka bwino, ndipo pambali panali mulu wa miyala imene anzanga anazula ndi manja. Anatsitsa nthochi mosagwedeza. Kenako a Msampha, nthabwala zitayamba kuwabwerera, anatembenukira kwa ine.

"Alendo, mwayi uwu sagwera aliyense. Maliro ndi anu, anthu ndi awa. Ija munatiuza pakhonde ija, malo ake ndi ano. Lakatulani."

Anandiimiritsa ndi mwendo umodzi m'mphepete mwa dzenje. Ndinayamba. Mawu ankatuluka bwino, chifukwa ndinali nditawasula zaka zambiri. Ndinadutsa ndime ya alamu, ndinadutsa ya msewu, n'kufika pa mathero aja ndinkawanyadira, a munthu woikidwa popanda womulira. Pamenepo ndinadzutsa maso.

Ndinaona zikope zotupa. Ndinaona manja a adzukulu atachita matuza, ena akutuluka magazi. Ndinaona mayi wina amene ndinangomuthandizapo kamodzi kusenza mtolo, maso ali psuu. Ndinaona Nankhoma ataima kumapeto, duku litapendekeka, nkhope yotupa moti ndikanakumana naye panjira sindikanamudziwa. Ndakatulo imene ndinkafuna kuifera kuti ikhale yoona inali yabodza, ndipo ndikanafa ikanakhalabe yabodza, kungoti sindikanakhalapo kuti ndione. Ndinakumbuka Yotamu. Sanali woona kuposa ife. Anali munthu wodwala amene ankapempha thandizo mokweza pamaso pa holo yodzaza, ife n'kumawomba m'manja. Ndinalira pamenepo, kulirira iye, kulirira Esinati amene ankadziwa kuimba, ndipo mzere womaliza uja sindinaunene, mpaka lero.

Palibe anawomba m'manja. A Msampha anandipatsa dothi kuti ndiponye loyamba, ndipo linagwa pamphasa ndi kaphokoso kochepa. Anzanga anakwirira msangamsanga, wina n'kuyamba kudandaula kuti womwalirayu sanasiye ngakhale nkhuku.

Anthu atayamba kubalalika, Nankhoma anabwera pamene ndinakhala. Anatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Mawu anali atamuthera, anali atalira kuyambira pamene ngolo inabwerera. Anachita kuwerama mpaka pakhutu panga, ndipo chimene ndinamva chinali kunong'ona kokhakokha.

"Alendo, ine ndakulirani kale. Mawu anga onse ndathera inu. Kachiwiri sindidzatha."

"Pepani, a Nankhoma."

"Pepani wanuyo sindikumufuna. Muli ndi manda kale, ndi awa, adzaza. Otsatira ndi anga, ndipo mudzakumba ndinu. Mukadzandikwirira bwinobwino, pamenepo muzidzaona zanu. Koma kunditsogolera ayi. Mwamva?"

"Ndamva."

"Achimwene, mwamumva?"

"Ndamumva," anatero a Msampha. "Ndipo mawu onenedwa kumanda sabwezedwa."

Sindinapitirirenso ulendo. Mapiri aja ndi ano. Sindinganene kuti mdima uja unachokeratu. Umabwerabe nyengo zina, n'kukhala pachifuwa. Koma tsopano ukabwera ndimanena, osati kutsogolo kwa mabenchi, koma kwa adzukulu anzanga tikupalira, kapena kwa adokotala a kumunsi kwa mlatho watsopano, ndipo amandimvera popanda kundiyamikira. Ndakatulo ndimapekabe. Imfa imapezekamo, chifukwa ndimakumana nayo kuntchito, koma ndinaleka kuitcha m'bale. Zambiri zimanena za anthu amene tawaika: amene ankadziwa kufolera denga, amene ankatukwana mbuzi zake ndi mayina a apongozi ake. Abale awo amabwera kudzandipempha kuti ndibwereze, ndipo nthawi zina amandikonza pamene ndalakwitsa.

Zaka zapita zambiri. A Msampha tinawaika chaka cha dzana, ndipo tinaseka mokwanira monga akanafunira. Ine tsitsi layera, msana wayamba kukana khasu. Nankhoma mawu ake anabwerera, ngakhale sanafikenso kuseri kwa phiri. Koma kudwala ndiye ayi. Ngakhale chimfine chimamuopa.

Lero m'mawa wadutsa pakhomo panga akukwera chitunda, mtolo wa nkhuni pamutu, mdzukulu wake wamkazi akulephera kumupeza.

"Mwadzuka bwanji, a Nankhoma?"

"Ndadzuka bwino kwabasi, alendo," anakuwa osatembenuka. "Palibe pakupweteka. Mudikirabe."

"Ndidikira," ndinayankha. "Musafulumire."

Ndinamuyang'ana mpaka anakafika pamwamba, ndipo ndinapempha Mulungu, ndi mtima wanga wonse, kuti mayi ameneyu adzafike zaka zana.